Kodi Mumadziwa? Zakudya za ku Scotland, Kwawo kwa Dzina la Blantyre

Kodi mumadziwa kuti sukulu ya St Andrews International High School, yomwe ili ku Nyambadwe, inatenga dzina la woyera amene dziko la Scotland limamutenga ngati nkhoswe yake? Ameneyu ndi Andireya, msodzi uja, m'bale wake wa Simoni Petulo. Tsiku lake ndi 30 Novembala, ndipo anthu a ku Scotland, kulikonse kumene ali, amalikumbukira ndi magule komanso chakudya cha kwawo. Mukachoka ku Nyambadwe n'kulowera m'tauni ndi msewu wa Chileka, simuchedwa kufika pa HHI ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe m'busa David Clement Scott anamanga ndi anthu a kuno kuyambira 1888 mpaka 1891. Mishoni imeneyi inakhazikitsidwa mu 1876 ndi mpingo wa Church of Scotland, ndipo anaitcha Blantyre pokumbukira kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde komwe David Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813. Mbiri ya tchalitchi ndi sukulu timaiphunzira, koma za m'miphika ya anthu amenewa sitimva kawirikawiri. Lero tivundukule miphikayo.

Kodi mumadziwa kuti chakudya chimene chinalera dziko la Scotland ndi phala? Kumeneko kumazizira, mvula ndi yosatha, ndipo nthaka yambiri ndi ya m'mapiri. Tirigu sachita bwino m'madera ambiri, chimanga ndiye musanene n'komwe. Mbewu yomwe inapirira ndi oats, yomweyi timagula m'mapaketi m'masitolo a m'tauni n'kumaiyesa chakudya cha anthu opeza bwino. Kwa eni akewo inali ya amphawi. Livingstone anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, kulowa 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, ndipo mabanja a antchito ngati la kwawo ankadalira phala lomweli.

Kodi mumadziwa kuti phala lenileni la ku Scotland sathira shuga? Ndi oats, madzi ndi mchere basi. Ofuna mkaka ankauika m'kambale kapadera n'kumaviikamo sipuni ya phala lotentha.

Kodi mumadziwa kuti ali ndi mthiko wawo? Amautcha spurtle, kamtengo kowongoka kopanda chipande kumapeto, kuti phala lisachite mibulu. Akuluakulu ankalangiza kuti utakase ndi dzanja lamanja, kuzungulira mmene wotchi imayendera, poopa tsoka. M'nyumba zina ankaphika phala lochuluka n'kulithira m'dilowa ya kabati kuti liume, kenako n'kumadula zidutswa zonyamula popita kuntchito sabata yonse. Amene anadyapo nsima yogona ndi tiyi asaseke.

Kodi mumadziwa kuti mayunivesite akale a ku Scotland ankapereka tchuthi chotchedwa Meal Monday kuti ophunzira apite kumudzi kukatenga thumba la ufa wa oats? Wophunzira ankabwera ndi chakudya chake ndi nkhuni zake. Ana athu a m'masukulu a sekondale oyendera, omwe amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, akudziwa bwino tanthauzo la thumba la ufa likayamba kupepuka mwezi usanathe. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko akuluakulu a sukulu anavomereza kuti mimba yopanda kanthu siphunzira, mpaka analiika tsikulo pa kalendala.

Kodi mumadziwa kuti kuli mpikisano wa dziko lonse lapansi wophika phala? Umachitika chaka ndi chaka m'mudzi wa Carrbridge kuyambira 1994, ndipo wopambana amalandira chikho chotchedwa Golden Spurtle. Oweruza amayang'ana kulimba kwa phala, maonekedwe ndi kakomedwe. Ine izi zimandigwira mtima. Anthu atenga chakudya cha tsiku ndi tsiku cha agogo awo n'kuchichitira mpikisano womwe alendo amawolokera nyanja. Ife tili ndi amayi ku Ndirande ndi ku Bangwe ovundula nsima yosalala yopanda m'bulu ngakhale umodzi, koma luso lawo timangolitchula pamaliro ndi paukwati.

Kodi mumadziwa kuti phala limene ana ambiri a pulayimale amamwa m'mawa kuno ku Blantyre linayambira m'kashedi ka malata ku Dalmally, m'dera la Argyll? Magnus MacFarlane-Barrow anabwera ku Malawi mu 2002, chaka cha njala ija, ndipo zimene anaona zinabala bungwe la Mary's Meals. Anayamba ndi ana 200. Lero ana oposa miliyoni imodzi m'Malawi muno amalandira kapu ya likuni phala tsiku lililonse la sukulu. Phalalo ndi la chimanga ndi soya, lowonjezeredwa mavitamini, ndipo dzina lake linachokera ku Likuni, kufupi ndi Lilongwe. Ophika ndi makolo odzipereka, makamaka amayi, omwe amalawirira kukadali mdima kukasonkha moto, osalandira malipiro. Akamatamanda bungweli, dzina la amayi amenewa lisamasowe. Ndalama zimachokera kutali, koma utsi umalowa m'maso mwa iwowa. Pa 10 Okutobala pamakhala tsiku lokumbukira phala pa dziko lonse, lomwe limathandiza kusonkhetsa ndalama za ntchitoyi.

Kodi mumadziwa kuti mu 2012 mtsikana wa zaka 9 wa ku Argyll, yemwe ankajambula chakudya cha kusukulu kwake n'kumachiika pa intaneti, anasonkhetsa ndalama zoposa mapaundi 100,000, ndipo zina mwa izo zinamanga khitchini pa sukulu ya pulayimale ya Lirangwe m'boma la Blantyre?

Kodi mumadziwa kuti ku Scotland ngakhale gaga samutaya? Makoko otsala popera oats ankawaviika m'madzi masiku angapo mpaka asase, n'kusefa. Zokhazikika pansi ankaphika phala lowawasa lotchedwa sowens, madzi apamwambawo n'kumwa. Amene amakonda thobwa logona sangavutike nacho.

Kodi mumadziwa kuti chakudya chimene anthu a ku Scotland amachinyadira kuposa zonse ndi zam'kati? Dzina lake ndi haggis. Amatenga mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, n'kuziwiritsa, n'kuzidula tizidutswa tating'onoting'ono. Amasakaniza ndi anyezi, mafuta a nyama, oats wokazinga, mchere ndi tsabola, n'kuzilonga m'chifu cha nkhosa yomweyo, kusoka, n'kuwiritsa kwa maola angapo. Masiku ano mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito chikopa cha soseji m'malo mwa chifu, koma zam'katimo sizinasinthe. Chiyambi chake n'chosavuta kumva. Nyama ya minofu inkagulitsidwa kapena kupita kwa eni malo, zam'kati n'zomwe zinkatsalira wosauka, ndipo zimawonongeka msanga. Kuzisakaniza ndi ufa kunali kuchulukitsa ndiwo kuti banja lonse likhute.

Amadyera limodzi ndi mbatatesi yopondaponda komanso mbewu ina ya mizu yachikasu yotchedwa swede, nayonso yopondaponda. Pa mbale palibe chokongola m'maso, koma kukoma kwake n'kwa chiwindi chothira tsabola, konona, kokhalitsa m'mimba.

Kodi mumadziwa kuti haggis amamulakatulira ndakatulo? Mlakatuli wawo wamkulu, Robert Burns, anabadwa pa 25 Januwale 1759 ku Alloway, mwana wa mlimi, ndipo anamwalira mu 1796 ali ndi zaka 37. Mu 1786 analemba ndakatulo yotchedwa Address to a Haggis, yotamanda chakudya cha anthu wamba pochiyerekeza ndi zakudya zapamwamba za ku France. Anzake anachita mgonero woyamba womukumbukira mu 1801, ndipo mwambowo unakula mpaka lero usiku wa 25 Januwale umatchedwa Burns Night. Woimba chitoliro cha thumba amatsogolera, wophika amabwera pambuyo atanyamula haggis pa mbale yaikulu, anthu onse ataimirira. Wina amalakatula ndakatuloyo atagwira mpeni, ndipo akafika pa ndime yake amang'amba chifucho, nthunzi n'kutuluka. Madokotala, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'mabungwe ochokera ku Scotland omwe amakhala m'Malawi muno nawonso sauiwala usiku umenewu.

Tsopano taganizani. Madzulo aliwonse pa chiwaya ku Mbayani, ku Ndirande kapena pa siteji ya Kameza, anyamata amakazinga chiwindi, mapapo, chifu ndi matumbo a mbuzi opota bwino, n'kuwaza mchere wa tsabola. Bwana amaimika galimoto chapatali n'kutuma mwana kuti anthu asamuone. Nyama yomweyo anzathu amailowetsa m'holo ndi nyimbo, atavala zovala zaulemu. Ine ndimaona kuti vuto lathu si chakudya ayi, chifukwa zam'kati za mbuzi yathu sizichepera za nkhosa yawo. Tinangophunzitsidwa kuchita nazo manyazi, ndipo sitinafune kusiya phunzirolo. Chofunika kukonza pa chiwaya ndi ukhondo, madzi osamba m'manja ndi mafuta osabwerezabwereza, osati ndiwoyo.

Kodi mumadziwa kuti haggis weniweni saloledwa kulowa ku United States? Kuyambira 1971 lamulo la kumeneko limaletsa kugulitsa mapapo a ziweto ngati chakudya cha anthu.

Kodi mumadziwa kuti anthu a ku Scotland nawonso amadya uwende? Black pudding ndi magazi osakaniza ndi oats, mafuta ndi anyezi, olongedwa ngati soseji, ndipo amakazinga pa kadzutsa. Wotchuka kwambiri ndi wa ku Stornoway, pa chilumba cha Lewis. Mu 2013 dzina lake linatetezedwa ndi lamulo, moti munthu wa kwina sangapange wake n'kumulemba kuti ndi wa ku Stornoway.

Kodi mumadziwa kuti nsomba yowamba ili ndi lamulo lakelake? M'tauni ya Arbroath amatenga nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa haddock, kuithira mchere, kumanga ziwiriziwiri kumchira, n'kuzikoleka pa ndodo pamwamba pa mgolo momwe mukuyaka nkhuni zolimba. Amavundikira ndi ziguduli zonyowa kuti utsi usathawe, ndipo ola lisanakwane nsomba yapsa. Luso limeneli linayambira m'kamudzi ka asodzi ka Auchmithie. Kuyambira 2004, nsomba ingatchedwe Arbroath smokie pokhapokha itawambidwa mkati mwa makilomita 8 kuchokera pakati pa tauniyo. Lowani mumsika wa Limbe muone milu ya milamba yowamba ya ku Chilwa, chambo chong'amba cha ku Mangochi, utaka, usipa wofutsa, mcheni. Mayi wodziwa kugula amazindikira ndi fungo lokha kuti iyi yachokera kuti. Nzeru imeneyo ndi chuma, koma palibe chikalata chimene chimaiteteza, ndipo wowamba bwino ndi wowamba mwachinyengo amagulitsa pa mtengo umodzi.

Kodi mumadziwa kuti nsomba yowamba amaiphika mumkaka? Msuzi wa Cullen skink, wochokera m'tauni ya Cullen, ndi haddock wowamba, mbatatesi, anyezi ndi mkaka. Musanakwinye nkhope, kumbukirani kuti ife mlamba timauthira nsinjiro.

Kodi mumadziwa kuti nsomba ya salmon, yomwe imabweretsera Scotland ndalama zambiri kuchokera kunja, ili ndi khalidwe lofanana ndi mpasa? Zonse zimachoka m'madzi aakulu n'kukwera mtsinje kukaswana. Salmon imakwera mitsinje ngati Tay ndi Spey, mpasa umakwera Bua ku Nkhotakota. Azungu anautcha mpasa salmon ya m'nyanja ya Malawi chifukwa cha zimenezi, ngakhale si mtundu umodzi. Zonse ziwiri zikuchepa m'mitsinje yawo.

Kodi mumadziwa kuti sikono yomwe mumamwera tiyi kwawo n'ku Scotland? Inatchulidwa kale m'zolemba za kumeneko mu 1513. Koma yawo yakale sinali yofufuma ndi yisiti ngati ya m'mabekale athu. Inali yophwatalala, ya ufa wa oats kapena balere, yootcha pa chitsulo chotentha n'kuidula panayi. Pambuyo pake anayamba kuthira soda, moti pa kaphikidwe ili pafupi ndi chigumu kusiyana ndi masikono a pa golosale. Ali nayonso sikono ya mbatatesi: amaponda mbatatesi yophika, kuthira fulawa pang'ono ndi batala, n'kukazinga. Imeneyi mungathe kuiyesa mawa lomwe ndi mbatatesi ya ku Tsangano.

Kodi mumadziwa kuti bisiketi yawo yotchuka, shortbread, imafuna zinthu zitatu zokha? Muyeso umodzi wa shuga, iwiri ya batala, itatu ya fulawa. Kale inali yodula, yodyedwa paukwati, pa Khirisimasi ndi pa chaka chatsopano.

Kodi mumadziwa kuti khofi wa m'Malawi anayambira pa Blantyre Mission pompa? Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamalira dimba la mishoni, anabweretsa mbande kuchokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Zina zinafera m'njira, imodzi n'kupulumuka, ndipo mbewu zake zinafalikira m'mapiri a Shire. John Buchanan, yemwenso anabwera ngati mlimi wa mishoni, anakatsegula minda ya khofi ku Zomba. Khofi atayamba kuvuta, alimi a ku Mulanje anatembenukira ku tiyi, ndipo Henry Brown anabzala pa esiteti ya Thornwood mu 1891. Tisabise mbali inayo: minda imeneyi inakula ndi malo olandidwa komanso thangata, ndipo agogo athu ambiri anathyola tiyi amene sankamulawa.

Kodi mumadziwa kuti nyumba ya Mandala, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes ya ku Glasgow, yomwe ankayendetsa John ndi Frederick Moir, ikadalipo mpaka lero, ndipo munthu angathe kukhala pa khonde pake n'kumwa khofi wa m'dziko muno?

Kodi mumadziwa kuti nawonso anaionapo njala? Anthu a kumapiri ndi pa zilumba za Scotland anafika podalira mbatatesi yokha. Mu 1846 matenda anagwira mbewuyo, ndipo vutolo linatenga zaka pafupifupi khumi. Anthu masauzande ambiri anasamukira ku Canada ndi ku Australia, ena mochita kuthamangitsidwa ndi eni malo ofuna kuweta nkhosa. Ife amene moyo wathu wonse tinaukoleka pa chimanga tiyenera kuimva bwino nkhani imeneyi.

Kodi mumadziwa kuti ndiwo zamasamba za pakhomo lililonse zinali mbewu yotchedwa "kale" pa Chingerezi, m'bale wake wa chomoliya? Amapirira chisanu, ndipo ankamuthira mumsuzi wa Scotch broth pamodzi ndi nyama ya nkhosa, balere ndi nsawawa zouma.

Kodi mumadziwa kuti whisky anali kachasu wa kumapiri? Zolemba zakale kwambiri zomutchula ndi za mu 1494. Boma litayamba kukhometsa msonkho, anthu ankatcheza mobisa m'zigwa, akuthamangitsana ndi okhometsa msonkho kwa zaka zoposa zana. Mu 1823 lamulo linasintha: wotcheza ankalipira mapaundi 10 n'kupatsidwa chiphaso. Lero chakumwa chingatchedwe Scotch whisky pokhapokha chitapangidwa ku Scotland n'kukhala m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera zitatu. Potcheza amapatula madontho oyamba ndi omaliza, amangosunga apakati, pomwe kuno ena amalimbirana oyambawo chifukwa cha ukali wake. Sindikulimbikitsa mowa, chifukwa tonse tikudziwa mabanja amene kachasu wawapasula. Ngakhale amishoni a ku Livingstonia, ochokera kwawo kwa whisky, ankaletsa Akhristu awo kumwa. Mfundo ndi yakuti chakumwa choyezedwa ndi kuyang'aniridwa chimapha anthu ochepa kusiyana ndi chobisa.

Kodi mumadziwa kuti ali ndi chakumwa chozizira chawochawo, Irn-Bru, cha mtundu wa lalanje, chomwe chinayamba mu 1901 ndipo mpaka lero chimalimbana ndi Coca-Cola pa msika wa kwawo?

Kodi mumadziwa kuti chotsekemera chawo chotchedwa cranachan mungachipange ndi zipatso za pa phiri la Zomba? Ndi kirimu, uchi, oats wokazinga ndi tizipatso tofiira ta raspberry, tomwe anyamata amagulitsa m'timabasiketi m'mbali mwa msewu wokwera phirilo. Eni ake amadonthezamo whisky, koma popanda iyeyo chimakomabe.

Kodi mumadziwa kuti usiku wolowa chaka chatsopano, womwe amautcha Hogmanay, mlendo woyamba kuponda pakhomo 12 koloko ikadutsa sabwera chimanjamanja? Amanyamula khala la malasha, shortbread kapena keke ya zipatso zouma, ndi botolo, kufunira banjalo moto ndi chakudya chaka chonse.

Kodi mumadziwa kuti chakudya chimayendanso kuchoka kuno kupita kumeneko? Mu Novembala 2005, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndi nduna yaikulu ya Scotland, Jack McConnell, anasainirana pangano la ubale ku Edinburgh, mzinda womwe Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzirako udokotala. Zaka zotsatira, kampani ya Just Trading Scotland ya ku Paisley inayamba kugula mpunga wa kilombero kwa alimi a bungwe la KASFA ku Kaporo, m'boma la Karonga. Masukulu ndi matchalitchi a ku Scotland akhala akupikisana kugulitsa makilogalamu 90, muyeso womwe anawerengera kuti phindu lake lingathandize mlimi kulipirira mwana sekondale chaka chimodzi. Pa paketi amalemba dzina la mpungawo ndi kumene wachokera. Kuno kwathu munthu umagula kilombero pamsika, kufika kunyumba n'kupeza theka ndi mpunga wina wopanda fungo. Eni malo ogona alendo ku Nyambadwe ndi ku Namiwawa, alendo anu sanakwere ndege kudzadya tchipisi ndi soseji. Aphikireni kilombero weniweni, chambo chowamba, nkhwani wotendera ndi zam'kati zophika mwaukhondo, ndipo mulembe pa menyu kumene chilichonse chachokera.

Kodi mumadziwa kuti haggis mungamuphike ndi mbuzi? Pitani kwa opha nyama m'mamawa kuti mupeze zam'kati zatsopano, ndipo muwapemphe asang'ambe chifu. Chitsukeni bwino n'kuchiviika m'madzi a mchere usiku wonse. Wiritsani mtima, chiwindi ndi mapapo, muzidule bwinobwino, musakanize ndi anyezi awiri, mafuta a mbuzi, makapu awiri a oats wokazinga, mchere, tsabola ndi msuzi pang'ono. Polonga musadzaze chifucho, mungopitirira theka pang'ono, chifukwa oats amafufuma ndipo chingaphulike. Sokani ndi ulusi wolimba, bayanibayani ndi singano kuti mpweya uzituluka, ndipo muwiritse pa moto wochepa kwa maola atatu.